Chikhakha pa Dzanja Losathyoka

A Sandipepa anagwa ntchito itangoyamba kumene. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pa shedi ya ukalipentala chifukwa cha lilime lawo, loti likakupala m'mawa umaweruka pakuwawabe. Iwo sankadana nalo dzinalo. Ankati sandipepa amasalaza thabwa, pamene anthu ena ntchito yawo ndi kungodzaza shedi ngati utuchi.

Anali atakwera pa kabenchi kuti atsitse thabwa louma pa shelefu ya m'mwamba. Mwendo umodzi wa kabenchiko unali utaponda chingwe cha makina chimene wina anachisiya pansi. Kabenchi kanapendama, ndipo pogwa anatsogoza dzanja lamanja monga amachitira munthu aliyense. Thupi lonse linatera pa chikhato. Sanamve kulira kwa fupa. Anangomva moto kukwera kuchokera m'tsinde mwa chala chachikulu mpaka m'chigongono.

Anadzuka msangamsanga asanawagwire. Anasasa utuchi pa buluku ndi dzanja lamanzere, natukwana mwini chingwe pamodzi ndi amene anabweretsa makina a magetsi m'shedimo. Wobweretsa makinayo anamva, koma anangoweramira tepi yake yoyezera.

Ameneyu anali mkamwini wawo, mwini shedi. Kale shediyo inali ya a Sandipepa. Anamutola ndi iwo, iye ali mbuli yosadziwa n'kugwira komwe puleni yopalira matabwa, namuphunzitsa kunola, kulemba mzere ndi kubowola. Atadziwa ntchito anatenga mwana wawo wamkazi. Atatenga mwana anabweretsa makina. Makina atabwera, chikwangwani cha pamsewu chinasintha dzina, ndipo a Sandipepa anangozindikira akupempha chilolezo chodulira thabwa pamalo pamene mayenje a nsanamira anakumba okha. Zimene zinatsala zawozawo zinali ziwiri: bokosi la zida, ndi benchi yogwirirapo ntchito ya pafupi ndi khomo pamene kuwala kumagwa bwino. Benchi imeneyo anaikhoma tsitsi lisanayere.

Kwa chaka chathunthu mkamwini ankayimba nyimbo imodzi, mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti apongozi mwagwira ntchito, mukanapumako. A Sandipepa mawu oti kupuma ankawadziwa bwino. Anaona anzawo angapo atapumitsidwa. Ankakhala pakhonde kuyang'ana njinga zodutsa, chaka chisanathe n'kumva kuti awaika.

N'chifukwa chake anabwerera pa benchi ngati sipanachitike kanthu. Koma pofika nthawi ya tiyi, pamfundo ya dzanja panali patafufuma, ndipo kapu inkagwedera. Woyamba kuona anali bambo wonenepa wopaka vanishi, amene onse ankangomutcha Wovanisha, yekhayo amene ankatha kuseka ndi a Sandipepa osapsa. Iye anati dzanja lafufuma ngati buledi wa yisiti wambiri, ndipo analankhula mokweza dala. Mkamwini anatuluka panja ndi foni. Posakhalitsa mwana wawo wamkazi uja, mayi wa ana atatu, anali pakhomo la shedi, chikwama chili kukhwapa, nkhope ili yosafuna mtsutso.

Kuchipatala anakhala pa mabenchi okhomedwa ndi munthu wopanda manyazi, misomali ili poyera. A Sandipepa anawayang'ana bwinobwino mabenchiwo kuti aiwale ululu. Kenako anawalozera kumapeto kwa khonde lonunkha mankhwala okolopera, ku chitseko cholemera chokhala ndi nyali yofiira pamwamba. Kumeneko ndiye ku ekisire.

Mayi wojambula anawavula wotchi, nawakhazika pa mpando m'mbali mwa tebulo lozizira. Anagoneka dzanja lawo chafufumimba pa chimbale chakuda, natsitsa chimutu cha makina mpaka kuwala kwake kunajambula mtanda pamfundo potupapo. Anawauza kuti asagwedeze ngakhale chala. Kenako iye anakabisala kuseri kwa khoma lokhala ndi kawindo.

"Ngati ndi zabwino, nanga inu mukuthawiranji?" anafunsa a Sandipepa.

"Inu mukujambulitsa lero lokha, agogo. Ine ndimakhala muno tsiku lililonse."

"Sindine gogo wanu."

"Chabwino, bambo. Musagwedeze."

Makina analira pang'ono chabe. Mayiyo anabwera kudzatembenuza dzanja kuti ligone cham'mbali, kenako mopendama, kenako anawafumbatitsa zala n'kupotolera dzanja chakunja. Apo a Sandipepa analuma mano mpaka nsagwada zinawawa, koma mawu sanatuluke.

Dokotala anali wamsinkhu wa mwana wawo. Anapachika zithunzi pa bokosi lowala la pakhoma, ndipo a Sandipepa anaona mafupa awo koyamba chibadwire. Awiri aatali a mkono anaima ngati miyendo ya mpando. Pamwamba pake panali timafupa ting'onoting'ono tothithikana, tolumikizidwa bwino moti mmisiri aliyense akanavula chipewa. Anafunafuna mng'alu monga amafunira pa thabwa asanaligule. Sanaupeze.

Dokotalayo anatenga dzanja lawo, natambasula chala chachikulu, nadina pa kadzenje kamene kamaoneka m'tsinde mwake. M'maso mwa a Sandipepa munachita mdima.

"Pakupweteka?"

"Pang'ono."

Dokotala sanayang'ane pakamwa pawo. Anayang'ana thukuta limene linatuluka pamphuno. Anafotokoza kuti mafupa akuluakulu ali bwino. Koma pansi pa kadzenjeko pali kafupa konga nyemba, kamene kakasweka mng'alu wake umabisala masiku oyambirira, makina osauona. Anati kafupako n'kovuta kupola chifukwa magazi amafikako movutikira, ndipo kakamagwedezeka sikagwirana. Choncho awaika chikhakha, kenako abwerenso pakatha milungu iwiri adzajambulenso, chifukwa pamenepo mng'alu ngati ulipo umakhala utaonekera.

"Ndiye lathyoka kapena silinathyoke?"

"Pachithunzipa sizikuoneka kuti lathyoka."

"Nanga mukumanga chiyani?"

"Tikumanga chimene sitinachione, bambo."

A Sandipepa anatsonya. Kalipentala wouza kasitomala kuti mpando wanu ndi wabwinobwino koma musiye ndiupane milungu iwiri, ameneyo ndi tambwali, ndipo kasitomala wanzeru amanyamula mpando wake n'kumapita. Ali m'kachipinda kena, bambo wina akuwakulunga nsalu zonyowa zoyera kuyambira pa zala mpaka pafupi ndi chigongono, anasuzumira pa chitseko chosatseka bwino. Anaona mwana wawo ataima ndi dokotala uja m'khonde, akulankhula chapansipansi, dokotala akugwedeza mutu. Pamenepo zonse zinawalowa. Mwamuna anaimba foni, mkazi anabwera kudzamalizitsa. Chimene analephera ndi nyimbo ya kupuma anachipeza ndi nsalu zonyowa.

M'basi anamufunsa chimene amanong'onezana ndi dokotala. Mwanayo anati amafunsa ngati mapiritsi opha ululu sadana ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. A Sandipepa anati oo, n'kuyang'ana kunja kwa windo. Envelopu yaikulu ya zithunzi anaipanira pachifuwa.

Pa shedipo panali chizolowezi. Munthu akabwera ndi chithunzi cha mafupa kuchokera kuchipatala, makina ankazima, ndipo onse ankaunjikana pakhomo kuchiunika pa dzuwa, aliyense n'kuperekapo maganizo ngati akusankha matabwa. Anachita choncho ndi nthiti za woyendetsa makina atagundidwa ndi njinga yamoto, anachitanso ndi phazi la Wovanisha. M'mawa mwake a Sandipepa anabweretsa zawo. Zinayenda m'manja onse, zala za guluu zikusiya zidindo m'mphepete. Woyendetsa makina anati iye mng'alu amaudziwa chifukwa wake anauona, apa palibe. Wina anatembenuza chithunzi chadodolido, nati ngakhale chotere palibe.

"Taonani a Sandipepa mkati," anatero Wovanisha. "Oyera ngati mngelo. Minga zonsezi zili kunja kokha."

Onse anaseka, kupatula mkamwini. Iye anadikira kuti phokoso lithe, kenako anati apongozi akakhale kunyumba mpaka dokotala adzanene. Mipando ya patebulo lodyera imene ankapanga amalizitsa ndi kalipentala wina waganyu, wovala magalasi, amene ankakonda kudutsa pa shedipo kufunsa ngati pali chochita. Anati ndi za milungu iwiri chabe. Anatinso Wamagalasiyo agwiritsa ntchito benchi ya pakhomo, poti ndi pamene pali kuwala.

A Sandipepa ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, chimwalirireni akazi awo. Munali bedi, mpando umodzi, wailesi yolira ikafuna, ndi msomali wopachikapo jekete. Anakhala m'menemo masiku angapo. M'chikhakha munkayabwa, ankakanda ndi waya. Adzukulu ankabwera kudzagogoda pa chikhakhacho ngati pa chitseko, iwo n'kuwathamangitsa. Kutupa kunayamba kuphwa moti mkono unkagwedera m'kati, ndipo ululu unatsika n'kukhala wongomveka chapatali. Ankatulutsa zithunzi zija, kuziunika pa windo, kuzibwezera.

Tsiku lina anavala jekete n'kunena kuti akukaongola miyendo. Anakaima kutsidya kwa msewu, pafupi ndi wokonza matayala, pamene shedi inkaoneka yonse. Wamagalasi anali pa benchi yawo. Anali atasuntha chopanira matabwa kuchiika mbali ina. Pa ngodya ya benchi anali atakhomapo msomali wokolekapo foni yake. Ndipo atamaliza kupala, anagoneka puleni chafufumimba, mpeni uli pansi, chinthu chimene a Sandipepa anamenyerapo munthu khofi zaka za kale. Mkamwini anadutsa, nagwira mwendo wa mpando umene Wamagalasi anapala, nauyendetsa chala, nagwedeza mutu movomera.

Anadikira nthawi ya nkhomaliro, anthu atabalalika. Analowa chakuseri, kumene Wovanisha ankayanika zitseko, namuuza kuti atenge sowo yaing'ono ndi lula yachitsulo m'bokosi lawo. Wovanisha anakana. Anati iye ndi wopaka vanishi, si dokotala, ndipo mwana wawo akamva amusenda wamoyo.

"Guluu amagwira nthawi yaitali bwanji?" anafunsa a Sandipepa.

"Tsiku limodzi."

"Ukamata mpando lero, umachotsa chopanira liti?"

"Mawa. Koma madala, munthu si mpando."

"Mpando wothyoka umagwira tsiku limodzi. Ili ndi dzanja losathyoka, lakhala m'chopanira masiku onsewa. Chithunzi unaona ndi maso ako. Gwira apa."

Analowetsa lula pakati pa chikhakha ndi khungu kuti mano a sowo asafike pa mnofu. Analemba mzere ndi pensulo, wowongoka, poti ntchito yokhota sankaidziwa. Wovanisha anagwira mkono ataupanikiza pa tebulo, nkhope atayang'ana kumbali, akung'ung'udza kuti akadzafunsidwa adzakana kuti analipo. A Sandipepa anacheka ndi lamanzere. Fumbi loyera linagwera pa utuchi. Chikhakha chinang'ambika pakati n'kugwa ngati khungwa.

Dzanja linatuluka lotuwa, lonunkha. Analiyesa monga amayesera mpando asanaupereke kwa mwini wake. Analipotoza uku ndi uku, nalitsamira pa tebulo pang'onopang'ono mpaka thupi lonse linalemera pamenepo. Linapweteka, koma silinagonje. Chinthu chikanyamula katundu osagonja ndiye kuti n'cholimba, umu ndi mmene anadziwira moyo wawo wonse. Anapempha mphira ya chubu kwa wokonza matayala, nakulunga pamfundo, natsitsa mkono wa malaya.

Mkamwini pochokera ku nkhomaliro anawapeza pa benchi, foni ya Wamagalasi ili pa utuchi, msomali uja utazulidwa. Anayamba kulankhula za dokotala. A Sandipepa anasolola chithunzi m'envelopu n'kumupatsa, anthu onse akuona.

"Lozani pamene pathyoka, akamwini. Mukaloza ndinyamuka pompano."

Mkamwini anachiunika pakhomo nthawi yaitali. Sanaloze. Komanso munthu sakangana ndi apongozi ake pamaso pa antchito. Anabweza chithunzi ndi manja awiri, nauza Wamagalasi kuti asamukire ku benchi ya kumdima. Madzulo mwana wawo anakalipa mpaka mawu anasasa. Anati bambo mukufuna kundipha ndi mtima, anati mukapunduka wosamala ndine ndemwe, anatchulanso malemu mayi ake. Iwo anamusiya alankhule. Tsiku lobwerera kuchipatala litakwana anamuuza kuti sangakawotchedwenso ndi nyali ija kuti anthu aphunzirirepo ntchito. Anapita ku shedi.

Masabata oyambirira zinkaoneka ngati apambana. Kutupa kunatheratu. Mipando ija anaimaliza okha ndipo inapita. Ankadutsa pa benchi ya kumdima akuimba mluzu.

Koma puleni imafuna kuti munthu apinde dzanja chakumbuyo n'kukankha, ndipo apo m'pamene kafupa kaja kankayankha. Anayamba kukankha ndi mkono wonse, phewa litakwera, ndipo puleni inkadya mbali imodzi. Hamala anayamba kuigwirira pafupi ndi mutu ngati wophunzira. Sikuluwu ankamanga ndi lamanzere. M'mawa dzanja linkadzuka lokanirira ngati chitseko cha m'nyengo ya mvula, ndipo akalipinda munkamveka mchenga m'kati. Mabatani a malaya ankawasiya awiri a m'mwamba osamanga. Popereka moni ankatsogoza zala zokha kuti munthu asawafinye. Mapiritsi ankagula kugolosale ya kutali kuti wa golosale ya pafupi asauze mwana wawo. Mphira ankaimanga yothina kwambiri mpaka zala kuchita dzanzi, chifukwa dzanzi linali bwino kusiyana ndi ululu.

Miyezi inapita. Mayi wina anabweza tebulo logwedera. A Sandipepa anati matabwa anali aawisi, mkamwini amagula zotsika mtengo kuti adyepo. Bambo wina anabweza chitseko chosalowa m'felemu. Anati felemu ndi yokhota. Ndiye m'mawa wina anapeza kabati imene anaisiya dzulo lake itasintha. Madilowa amene ankakanirira anali kulowa bwinobwino. Atawasolola anaona kuti wina anawapalanso, ndipo kapalidwe kake anakadziwa, poti anaphunzitsa ndi iwo omwe. Mkamwini ankatsala anthu akaweruka, kukonza ntchito yawo mobisa, osanena kanthu. A Sandipepa akanakonda mkamwiniyo akanangowatukwana.

Chimene chinathetsa zonse chinali hamala. Ankakhoma thabwa la kumbuyo kwa kabati, ndipo atakweza mkono, zala zinangomasuka zokha. Hamala inauluka, inadutsa pafupi ndi khutu la Wovanisha, n'kukagunda galasi lalitali la wodilopu imene inkadikira mwini wake. Galasi linagwa lonse pansi. Woyendetsa makina anazimitsa makina. Wovanisha anagwira khutu lake, nayang'ana zala.

Mkamwini anabwera pang'onopang'ono, akuponda magalasi. Ulendo uno manja sanaike kumbuyo.

"Apongozi, galasi si kanthu. Koma akanakhala mutu wa munthu, ndikanakayankha ndine. Muno simulowanso mpaka dzanjalo alione."

"Mukundichotsa pa shedi yanga?"

"Ndikukupemphani mupite kuchipatala."

"Ndi zomwezo."

Mkamwini anawerama n'kutola hamala, koma sanawabwezere.

Atabwerera kuchipatala ndi mwana wawo, mayi wojambula uja anawakumbukira. Anafunsa kuti chikhakha chinapita kuti, iwo anati chinatha ntchito. Atafuna kupotolera dzanja chakunja monga poyamba, dzanjalo linakana. Anachita kuliikira kansalu pansi kuti likhale mmene ankafunira. Ulendo uno a Sandipepa sanafunse chifukwa chimene iye amabisalira.

Dokotala anapachika chithunzi chatsopano pambali pa chakale chija, cha zidindo za guluu. Sanafunike kuloza. A Sandipepa anauona okha mng'alu, wakuda, wodula kafupa kaja pakati ngati thabwa limene lagwera pa mwala. Chidutswa chimodzi chinali choyera kwambiri kuposa mafupa ena onse. Iwo anaganiza kuti kuyerako ndi kulimba, ndipo anatero. Dokotala anapukusa mutu. Anati chidutswacho chayera chifukwa magazi sakufikako, chikufa. Anati m'mphepete mwa mng'alu mwasalala chifukwa zidutswazo zakhala zikukhuzana miyezi yonseyi, ndipo zosalala sizigwirana zokha. Izi a Sandipepa sanafune kufotokozeredwa. Ankadziwa kuti mwendo wa mpando ukagwedera nthawi yaitali m'bowo mwake, ngakhale uthire guluu wa botolo lonse sugwira.

Dokotala anati chikhakha pachokha sichithandizanso. Pakufunika opaleshoni: kung'amba pamfundo, kutenga kachidutswa ka fupa m'chiuno kudzatseka mpatawo, kumanga ndi sikuluwu, kenako chikhakha cha miyezi. Ululu ukhoza kuchepa. Koma dzanja silidzapindikanso ngati kale, ndipo za puleni ndi hamala iye sangalonjeze. Mwana wawo anafunsa ngati pali njira ina. Dokotala anati njira ina inalipo nthawi ija.

"Makina anu anati palibe," anatero a Sandipepa.

"Ine ndinati mubwerenso, bambo."

"Munanena pakamwa. Chithunzi munandipatsa m'manja."

Dokotala anayang'ana zithunzi ziwiri zija, chimodzi choyera bwino, china chong'aluka, koma dzanja n'lomwelo. Anati chithunzi choyambacho sichinaname, chinangoona zimene zinkaoneka tsiku limenelo. A Sandipepa anati mboni yoona theka kukhoti amaimanga.

Anati awaonetse kaye sikuluwuyo, poti sangalole munthu kumanga chinthu m'thupi mwawo asanachione. Dokotala anafufuza m'dilowa natulutsa yachitsanzo, yaing'ono kuposa msomali wa kumbuyo kwa kabati. A Sandipepa anaigubuduza pa chikhato cha kumanzere. Inalibe mutu. Anafunsa kuti sikuluwu yopanda mutu amaimasula bwanji. Dokotala anati simasulidwa, imamira m'fupa n'kukhala momwemo. Iwo anaibweza pa tebulo. Anati akaganiza. Mwana wawo, maso ali ofiira, anauza dokotala kuti abwera, awasungire malo. A Sandipepa sanavomere, sanakanenso.

Potuluka sanakwere basi yopita kunyumba. Anauza mwanayo kuti atsogole, iwo ali ndi kochita. Anafika pa shedi dzuwa litapendeka. Makina ankalira. Wamagalasi anali pa benchi ya pakhomo, ndipo atawaona anaima, osadziwa poika manja. Wovanisha anabwera akupukuta zala pa nsanza nafunsa kuti zayenda bwanji, nanga chithunzi chili kuti, tichione. A Sandipepa anati chithunzi chatsala kuchipatala. Linali bodza, envelopu inali m'kati mwa jekete, koma ichi sanafune kuti chiyende m'manja.

Anakokera bokosi la zida pakati pa shedi. Anayendayenda m'mabenchi onse kutolera zawo: puleni ziwiri, matchizulo osemera, sowo yaikulu ndi yaing'ono, mwala wonolera, sikweya yamkuwa yoyezera ngodya imene inali kwa woyendetsa makina. Hamala anaipeza pa tebulo la mkamwini, anaitenga osapempha. Palibe anawaletsa. Bokosi litadzaza anayesa kulinyamula ndi dzanja limodzi, silinasunthe. Wovanisha anafuna kuthandiza, iwo anamuuza kuti abwerere ku zitseko zake. Anakankhira wilibala yotayira utuchi pafupi, naigoneka cham'mbali, nalowetsa bokosi ndi bondo, naidzutsa ndi phewa.

Wilibala imafuna manja awiri. Anagwira chogwirira cha kumanzere, cha kumanja anachikoleka pa mkono pafupi ndi chigongono. Anatuluka nayo pakhomo, anadutsa pansi pa chikwangwani. Pa ngalande ya m'mphepete mwa msewu tayala linagwera m'dzenje, dzanja lamanja linafuna kugwira lokha mwachizolowezi, ndipo ululu unawagwaditsa. Wilibala inagubuduka. Zida zinamwazika pa msewu, mwala wonolera n'kugudubuzikira m'ngalande. Minibasi ina inaliza hutala n'kuzilambalala.

Anakhala chogwada, dzanja atalipanira pamimba. Atadzutsa mutu anaona mkamwini akutola matchizulo limodzilimodzi, akulipukuta pa ovolosi asanaliike m'bokosi. Analowa m'ngalande natulutsa mwala. Puleni anazigoneka cham'mbali, mpeni usakhudze chitsulo. Sanawayang'ane kumaso, sanalankhule za kupuma. Anadzutsa wilibala, nagwira zogwirira zonse ziwiri, nayamba kukankha kulowera kunyumba.

A Sandipepa anadzuka okha, nasasa maondo. Anatsatira pambuyo, patali pang'ono, monga amayendera anthu kumbuyo kwa galimoto ya maliro. Maso awo anali pa manja a mkamwini ndi pa matumba a ovolosi yake. Zida zinali zambiri m'bokosimo, ndipo tchizulo laling'ono silivuta kulowa m'thumba.